Phazi la Dona Deolinda

Ku Sanjala, dera la m'tauni ya Lichinga, mukafunsa kwa Dona Deolinda, anthu amayamba aseka kaye asanakulozereni njira. "Amayi oyendetsa galimoto opanda nsapato aja?" Ndipo sanama. Dona Deolinda ndi mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa msinkhu wawo. Akafika pa galimoto yawo yonyamula katundu amavula masilipasi n'kuwaponya kuseri kwa mpando, kenako n'kukwera pa pilo amene anasoka okha kuti maso adutse pamwamba pa chiwongolero. Mukawafunsa za nsapatozo amati akavala samva zimene galimoto ikuwauza.

Anabadwira kwa alimi a mbatata ya kachewere, ndipo anakula zikhadabo zili zofiira ndi dothi. Anakwatiwa ndi a Cipriano, bambo wamtali, wosalankhulalankhula, amene tauni yonse inkangowaitana kuti Motorista, kutanthauza dalaivala, ngati kuti ku Lichinga kunalibe dalaivala wina. Awiriwa anagawana ntchito bwino lomwe: a Cipriano ankagwira chiwongolero, Dona Deolinda n'kumatsatsa malonda. Ankatsika ndi mbatata, nyemba ndi kabichi kupita kunyanja ku Meponda, n'kukwera ndi matumba a usipa wouma. Ana awo anakulira m'fungo la usipa, ndipo palibe amene anagonapo ndi njala.

Tsiku lina m'mawa a Cipriano anagwa pabwalo akupukuta galasi la galimoto. Kuchipatala anati ndi trombose, matenda aja opha ziwalo mbali imodzi. Mbali imene inafa inali yakumanzere, kumene kuli dzanja losinthira magiya ndi phazi lopondera kilatchi. Kwa dalaivala, matendawo sakanasankha malo owawa kuposa amenewo.

Galimoto inakhala pabwalo mpaka nkhuku zinayamba kuikira pansi pake. Achibale anati igulitsidwe. Dona Deolinda sanatsutsane ndi munthu. Anangomanga kapulana yawo, ndiye kuti chitenje, m'chiuno n'kupita kukalembetsa kusukulu yoyendetsa galimoto, imvi zili mbuu. Ankakhala pa benchi limodzi ndi achinyamata a msinkhu wa ana awo, amene ankawatcha vovó, ndiye kuti agogo, n'kumatsinana injini ikawazimira. Koma zaka zonse zimene anakhala kumanzere kwa amuna awo sankagona tulo. Maso awo ankakhala pa dzanja la a Cipriano, makutu pa injini. Laisensi anaitenga ulendo woyamba, ena mwa oseka aja akubwereza.

A Cipriano anakondwa, koma chikondwerero cha dalaivala wakale chimakhala ndi minga. Ankakhala pakhonde kumvetsera galimoto ikutuluka pageti, ndipo madzulo ankapereka chigamulo. "Giya yachiwiri munachedwa nayo, wophunzira." Dzina la wophunziralo linakakamira ngakhale Dona Deolinda atatha nyengo ziwiri zamvula pamsewu wa ku Meponda osagunda ngakhale mbuzi. Ankaseka nalo, koma pansi pa mtima linkawabaya.

Namwino anali atawauza a Cipriano kuti manja asamangokhala, choncho anaphunzira kuluka matapeti, timphasa tansalu topondapo. Ankatenga thumba la chimanga lopanda kanthu n'kumalowetsamo timizere ta makapulana akale ndi kawaya kopinda. Dzanja lakufa linkapanikiza thumba pa bondo, lamoyo n'kumakoka. Matapeti oyamba anali okhota, koma a Cipriano ndi munthu wosagonja msanga.

Amene sanakhalepo ku Lichinga mwezi wa Juni asamanene kuti kuzizira amakudziwa. Chitsulo cha pansi pa galimoto chimaluma, ndipo zidendene za Dona Deolinda zinang'ambika ming'alu. A Cipriano anaona, ndipo waya wawo unayamba kuyenda mofulumira. Tsiku lina anawapatsa tapeti yokhuthala ngati ubweya wa nkhosa, yofiira ndi yachikasu, yoyezedwa kuti ikwane malo onse a dalaivala mpaka kunsi kwa zopondera. M'katikati mwake munali timizere ta mbereko imene anaberekera Renato, mwana wawo woyamba. Dona Deolinda anatembenukira kukhoma kuti misozi isaoneke. Tapetiyo ankaisamala ngati nsalu ya paguwa la kutchalitchi. Madzulo aliwonse ankaikutumula fumbi, ndipo munthu wovala nsapato sankaloledwa kupondapo.

M'masiku omwewo magiya anayamba kuuma. Yoyamba inkakana kulowa, yobwerera m'mbuyo inkalira khwee mpaka agalu a oyandikana nawo kuyamba kuuwa. Dona Deolinda ankakankha ndodo ya giya ndi dzanja limodzi, kenako ndi manja awiri, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Aliyense anati ndi nyengo, pakuti mu Juni ngakhale mafuta ophikira amagwirana m'botolo.

Anapita nayo kwa Mestre Yussuf, makaniko wa ku Lulimile amene ankaikonza kuyambira nthawi ya a Cipriano. Asanalowe anachita zimene mayi aliyense waukhondo akanachita. Anaima panja pa geti, n'kuchotsa tapeti, n'kuikulunga m'kapulana, n'kuibisa kuseri kwa mpando. Amakaniko ndi anthu abwino, koma nsapato zawo zimayenda ndi girisi. Kiyi anaipereka pageti pomwepo.

"Injini ikakhala yozima, mudansa ikulowa, Dona?" anafunsa Mestre Yussuf, akugwedeza ndodo ya giya.

"Ikulowa ngati mpeni m'papaya."

"Injini ikalira ndiye imakana?"

"Imakaniratu, Mestre. Makamaka yoyamba ndi ya m'mbuyo."

"Basi, bokosi la magiya lilibe mlandu. Nkhani ili ku embrayaje. Sikumasula bwino."

Embrayaje ndiyo kilatchi. Mestre Yussuf anafotokoza ndi manja kuti munthu akaiponda, injini imayenera kusiyana kwathunthu ndi magiya. Ikasiyana pang'ono chabe, mano a m'kati amakhala akuzungulirabe, ndipo giya imakana kulowa. Anatsegula kabotolo ka mafuta a kilatchi, anapeza atatsika pang'ono, anawonjezera. Anagona pansi pa galimoto n'kuchotsa mpweya m'paipi. Kenako anakwera, anazungulira nayo msika wa Lulimile akusintha magiya ndi zala ziwiri, n'kudzaiimika panja pa geti.

"Pronto, Dona. Yachira."

Dona Deolinda anathokoza, anayala tapeti yawo, anavula masilipasi, analiza injini. Khwee.

Ulendo wachiwiri Mestre Yussuf anakanda mutu. Anati mwina mafuta a m'bokosi la magiya akalamba ndipo akulemera ndi kuzizira. Anawakhetsa, anali akuda bii, anathira atsopano. Anapaka girisi polumikizira ndodo ya giya. Anakweranso, anazunguliranso msika, ndipo galimoto inamumvera ngati mwana wa sukulu pamaso pa mphunzitsi. Dona Deolinda atangoyala tapeti yawo n'kukwera, matenda aja anabwerera pomwe anali.

Choopsa chinachitika pamsewu wa ku Meponda. Pobwerera, msewu umakwera phiri mokhotakhota, ndipo pali kona ina pamene galimoto yolemedwa imayenera kutsitsidwa mpaka giya yoyamba. Tsikulo yoyamba inakana. Dona Deolinda anakankha, inalira khwee, galimoto inaima, kenako inayamba kubwerera m'mbuyo ndi matumba onse a usipa. Anaponda buleki ndi mphamvu zonse zimene Mulungu anawapatsa. Mayi wina wogulitsa nsomba amene anamukweza, dzina lake Perpétua, analumpha n'kuika mwala kumbuyo kwa tayala. Palibe anavulala. Koma pakamwa pa Perpétua mulibe buleki, ndipo nkhani inafika ku Sanjala usipa usanatsitsidwe.

Lamlungu Misa itatha, Renato anabwera kunyumba. Ndi bambo wa ana ake, amagwira ntchito mu ofesi ya boma, ndipo amayi ake amawakonda kwambiri. Anakhala pampando osavula jekete.

"Amayi, ndakafunsa kwa Mestre Yussuf. Akuti galimoto ili bwino. Iwo akayendetsa, magiya akulowa."

"Ndiye ukufuna kunena chiyani?"

"Mwendo wanu watopa, Amayi. Si chinthu chochititsa manyazi. Ndapeza dalaivala, mlamu wa mnzanga wa kuntchito. Mwezi uno ukatha, kiyi mumupatse iyeyo. Inu muzikhala kumanzere ngati kale." Anatembenukira kwa bambo ake. "Abambo ali chonchi. Sindikufuna kukakutolani kunsi kwa phiri."

Dona Deolinda anayang'ana amuna awo kuti awathandize. A Cipriano anayang'ana pansi.

"Ndimamva pakhonde pano, amake Renato," anatero pang'onopang'ono. "Simukuponda mpaka pansi."

"Ndikuponda!"

"Kukanakhala kuti mukuponda, bwenzi ikulowa."

Mawu a mwana anawawa, koma a mwamuna anapyoza mpaka m'mafupa. Kukhala kumanzere sikunali kuwaopsa chifukwa cha ulesi kapena kunyada kokha. Chiwongolero chija ndicho chinawadzutsa pamene nyumba inagwa, ndipo ankadziwa kuti akachisiya m'manja mwa mlendo sadzachigwiranso. Masiku otsatira ankakhala pa mpando wa kukhitchini n'kumakankha khoma ndi phazi lakumanzere, kuliyesa ngati latha mphamvu. Iwo sankamva kusiyana kulikonse, koma anayamba kulikayikira phazi lawo lomwe.

Mwezi uli pafupi kutha anapitanso ku Lulimile. Anaima pageti, anakulunga tapeti, anapereka kiyi. Mestre Yussuf anayang'ana paliponse pamene akanayang'ana. Anazungulira msika kawiri. Atabwerera anatsika mwakachetechete, akupukuta manja amene anali oyera kale.

"Dona Deolinda, wallahi, ndikanakonda ndipeze chinthu. Ndikanakuuzani kuti tisinthe embrayaje yonse, koma ndikhala ndikukuberani. Galimoto iyi ilibe matenda." Anayang'ana mwendo wawo, n'kuchotsako maso msanga. "Tonse tikukula, mayi wanga."

Manyazi anawagwira Dona Deolinda, ndipo ankangofuna kuchoka pamaso pa anthu misozi isanatuluke. Anaponya masilipasi kuseri kwa mpando, anakwera pa pilo, analiza injini, ananyamuka.

Anali atadutsa kale msika pamene anazindikira kuti mapazi awo akuzizira. Anadzidzudzula mumtima kuti aiwala kuyala tapeti. Pamphambano anaima kuti njinga yamoto idutse, anaponda kilatchi, ndipo phazi linamva chinthu chimene linali litaiwala: chopondera chinatsika, chinatsikabe, mpaka chinagunda chitsulo kuti kho. Dzanja linakankha ndodo ndi mphamvu ya masiku onse, ndipo yoyamba inalowa mofewa mwakuti anatsala pang'ono kugunda wailesi ndi chibakera.

Anapatukira m'mbali mwa msewu, pansi pa mitengo ya paini. Anatulutsa tapeti, anaiyala, anaponda. Chopondera chinamira mu ubweya muja n'kuima, popanda kho. Anakankha ndodo: khwee. Anachotsa tapeti, anaponda: kho, yoyamba inalowa. Anayesa ya m'mbuyo, nayonso inalowa osadandaula. Anabwereza mpaka mayi wina amene ankawotcha chimanga pafupi anayamba kuwayang'ana ngati asokonezeka mutu. Munthu wamtali mwina akanaipanikiza tapetiyo ndi kulemera kwa mwendo, koma Dona Deolinda amafika ku kilatchi ndi nsonga za zala. Ndipo nthawi zonse makaniko akamakwera, iwo eni ake ankakhala atachotsa kale matendawo n'kuwakulunga m'kapulana.

Anaseka mpaka kugwira chiwongolero ndi mphumi. Analimenya phazi lawo ndi chikhatho ngati mmene munthu amasisitira mwana amene anamunamizira kuba. Kenako kuseka kunazima, chifukwa anakumbukira amene analuka tapetiyo ndi dzanja limodzi. Njira yonse yopita ku Sanjala ankaganiza zonama. Akanatha kunena kuti tapeti yabedwa, kapena kuti Mestre Yussuf wapeza kawaya kena komasuka. Koma iwo anali asanawanamizepo amuna awo chikwatiranireni, ndipo sanafune kuyamba ndi imvi.

Anawapeza pakhonde, khutu lili kugeti.

"Lero yalowa bwino," anatero a Cipriano. "Yussuf wapeza chiyani?"

"Sanapeze kanthu. Abambo a Renato, tiyeni kugalimoto mukandionere chinthu."

Anawagwira m'khwapa, ndodo ili kudzanja lamoyo, mpaka pachitseko cha dalaivala. Dona Deolinda anayala tapeti, anagwada, n'kukankha chopondera cha kilatchi ndi dzanja. Chinaima patatsala mpata wa zala ziwiri kuti chifike pansi. Pa tapetipo panali kale dzenje pamene chinkagunda tsiku ndi tsiku. Dalaivala wa zaka zonse zija sanafunike kuuzidwa. Anayang'ana dzenjelo nthawi yaitali.

"Ndine," anatero. "Ndakutchingirani ndine, n'kumakunenani kuti simuponda. Mukanafera paphiri paja chifukwa cha ine." Anapukuta m'maso ndi phewa. "Tengani sizasi tiidule. Kapena ingoitayani kudzala."

"Mbereko ya mwana wanga simuidula."

Dona Deolinda anainyamula tapetiyo, anazungulira kutsogolo kwa galimoto, n'kukaiyala mbali ya wokwera. Anaisalaza ndi zikhatho m'makona monse.

"Kuno kulibe embrayaje," anatero. "Kukungosowa mapazi."

A Cipriano anali asanatuluke pageti chidwalireni, kupatula popita kuchipatala. "Ine? Anthu a ku Meponda andione ndili chonchi?"

"Akuoneni. Atopa ndi kundifunsa."

Loweruka lomaliza la mweziwo Renato anabwera m'mawa kudzatenga kiyi. Anapeza mbatata zitapakiridwa, amayi ake ali pa pilo, ndipo kumanzere kuli bambo ake atavala jekete la Misa ndi chipewa, mapazi ali pa tapeti yofiira ndi yachikasu. Dona Deolinda anamufotokozera zonse. Renato anamvetsera mwaulemu, koma nkhope yake inali ya munthu amene akuuzidwa nthano.

"Tapeti, Amayi? Makaniko kulephera katatu chifukwa cha tapeti?"

"Kwera kumbuyo, mwana wanga. Pobwerera, galimoto ikabwerera m'mbuyo paphiri paja ngakhale pang'ono, kiyi ndikupatsa ndi manja awiri, ndipo sudzandimva ndikudandaula."

Renato anakwera, anakhala pa matumba a mbatata ndi nsapato zake za ku ofesi.

Ku Meponda malonda anachedwa kuyamba. Anthu anasiya matandala a usipa n'kuzungulira galimoto, aliyense akufuna kugwira dzanja la Motorista. A Cipriano, amene ankaopa maso a anthu, anatsitsa galasi mpaka pansi ndipo pasanapite nthawi anali akudzudzula asodzi kuti usipa wa chaka chino ndi wowonda. Perpétua nayenso anabwera, anayang'ana amene ali pa chiwongolero, n'kunena kuti lero akwera ina. Dona Deolinda anamufunira ulendo wabwino.

Ananyamuka dzuwa lili pamutu, galimoto italemedwa mpaka kukhala pansi kumbuyo. Phiri linayamba. Yachitatu inatopa, Dona Deolinda anatsitsa yachiwiri, inalowa. M'galimoto munali zii, injini yokha ikubuula. Dzanja lamoyo la a Cipriano linkayenda lokha pa bondo, likusintha magiya amene kunalibe. Kona ija inaonekera, ndi mwala wa Perpétua udakali m'mbali mwa msewu. Injini inayamba kutsamwa. Dona Deolinda anagwidwa ndi mantha, pakuti thupi siliiwala pamene linatsala pang'ono kufera. Anatambasula mwendo wawo waufupi uja, phazi lopanda nsapato linatsika.

Kho.

Yoyamba inalowa ndi zala ziwiri. Galimoto inaluma msewu n'kukwera, pang'onopang'ono, osabwerera ngakhale chikhatho chimodzi. Kumbuyo kunamveka phokoso, ndipo Dona Deolinda anadzidzimuka poyesa kuti thumba lagwa. Anali Renato, ataimirira pakati pa usipa, akumenya denga la galimoto ndi manja onse awiri n'kumafuula ngati kamnyamata ka kumpira. "Amayi! Amayi anga!" Za kiyi sanazitchulenso, tsikulo kapena lina lililonse. Mestre Yussuf atamva nkhaniyi anaseka mpaka kukhala pansi pa tayala, ndipo masiku ano galimoto ikabwera ndi magiya ouma amayamba wasuzumira kumapazi.

Atafika pamwamba pa phiri msewu unawongoka, mphepo yozizira ya ku Lichinga inalowa pawindo. Dona Deolinda anadikira chigamulo, chifukwa ankadziwa kuti sichilephera kubwera. A Cipriano anakonza chipewa chawo, anakanda kukhosi, maso ali kutsogolo.

"Msewu ndi wanu," anatero. "Ikani yachitatu, Motorista."

Dona Deolinda anaponda mpaka pansi n'kuika yachitatu. Misozi inkatsika osaipukuta, pakuti manja onse anali pantchito. Mapazi anali atauma ndi kuzizira, koma anafika nawo ku Sanjala osakumbukira n'komwe.